MANGAWA A WOCHITA SEWERO

1. Funso lake

Pa minda ya tiyi ya ku Thyolo ntchito iyamba m'mamawa, mame asanakamuke. Amuna ndi akazi alowa m'mizere atabereka madengu kumsana, nathyola nsonga za tiyi, masamba awiri ndi kamphukira kake, kufikira nthawi yopita ku sikelo. Ntchito imeneyi ndi yakale ndithu. Munda wa Satemwa unayamba m'chaka cha 1923, ndipo mabanja ambiri a Alomwe ochokera ku Mozambique anakhazikika m'bomali chifukwa cha ntchito ya m'minda ya Azungu.

Munthu wotopa ndi dengu afuna chinthu chomsangalatsa madzulo. Kale kunali magule ndi nthano za pa moto. Pambuyo pake kunabwera magalimoto a kanema, amene ankaonetsa zithunzi pa nsalu usiku. Bungwe la Central African Film Unit, limene linayamba mu 1948, linali kukonza zithunzi zotere za anthu a ku Nyasaland ndi ku Rhodesia. Mu 1964 wailesi ya MBC inayamba, ndipo masewero ake monga Kapalepale ndi Pamajiga analowa m'nyumba za anthu. Wailesi ya kanema inafika mu 1999. Lero ku Bvumbwe, ku Luchenza ndi ku Makwasa anthu aonera masewero m'tinyumba ta vidiyo ndi pa foni zao.

Kotero anthu a ku minda ya tiyi adziwa ochita masewero ambiri amene sanagwiranepo nao chanza, nawakonda monga abale ao. Koma zichitika nthawi zina kuti wochita sewero wotchuka afika podana ndi gawo limene linamtchukitsa. Safuna kulimva, safuna kulikumbuka. Tsono funso ndi ili: kodi munthu wotere ali ndi mangawa anji kwa anthu amene akali kukonda gawolo? Kodi ayenera kukhala chete, kapena kunamiza, kapena kunena zonse za kumtima kwake?

2. Dzina limene likakamira

Choyamba ndi kuona mphamvu ya dzina la m'sewero. John Nyanga ndi Eric Mabedi anali m'gulu la Kwathu, limene linkachita masewero m'Chichewa. Koma anthu ambiri sanali kuwatchula maina ao obadwa nao. Kwa iwo anali Izeki ndi Jakobo. John Nyanga anadzakhala mbusa wa mpingo, koma pamene anamwalira mu 2016 dziko linalira Izeki. Eric Mabedi anamwalira mu 2021, ndipo dziko linalira Jakobo.

Chimodzimodzi Michael Usi, wa ku Mulanje. Iye anatchuka monga Manganya m'sewero la Tikuferanji, limene linali kuphunzitsa anthu za Edzi ndi za makhalidwe. Anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira mu 2024 kufikira mu 2025, koma ngakhale pa mpando waukulu chotero anthu a m'misika sanaleke kunena kuti Manganya.

Amuna amenewa asonyeza chinthu chimodzi: dzina la m'sewero likhoza kumeza dzina la munthu. Ngati mwini wake alikonda, palibe mlandu. Koma ngati latopetsa mtima wake, likhala ngati dengu limene munthu sangathe kutula, ngakhale ntchito inaweruka kalekale.

3. Amene anatopa ndi gawo lao

Ku Ulaya ndi ku America kunali ochita masewero amene ananena poyera za kutopa kumeneku. Wina ndi Alec Guinness wa ku England, amene anabadwa mu 1914 namwalira mu 2000. Iye anali katswiri weniweni, wolemekezeka chifukwa cha masewero ozama, ndipo analandira mphotho yaikulu chifukwa cha kanema wa The Bridge on the River Kwai wa mu 1957. Mu 1977 anachita gawo la nkhalamba yanzeru, Obi-Wan Kenobi, m'kanema wa Star Wars. Kanemayo anatchuka pa dziko lonse, ndipo Guinness analemera naye, pakuti anapangana kuti azilandira gawo la phindu lake. Koma mtima wake sunakondwe. Anaona kuti mau a m'kanemamo ndi opepuka, ndipo kunamuwawa kuti ana ambiri anali kumdziwa ndi gawo limenelo lokha.

M'buku lake la mu 1999 iye mwini anafotokoza za mnyamata wina amene anakomana naye ku San Francisco. Mnyamatayo anamuuza monyadira kuti anaonera kanemayo koposa ka 100. Guinness anampempha kuti alonjeze kusaoneranso konse. Monga iye anasimbira, mwanayo analira, ndipo amake anakwiya nachoka naye.

Wina ndi Leonard Nimoy wa ku America, amene anachita gawo la Spock, munthu wa makutu osongoka, m'sewero la Star Trek kuyambira mu 1966. Mu 1975 analemba buku limene mutu wake unali kunena kuti iye si Spock. Cholinga chake chinali kusiyanitsa munthu ndi gawo lake, koma anthu ambiri omkonda anamva ngati wawakana, ndipo anakhumudwa. Patapita zaka 20, mu 1995, analemba buku lina limene mutu wake unali kuvomera kuti iye ndi Spock.

Nkhani ziwirizi zisonyeza kuti mau a wochita sewero onena za ntchito yake yakale sagwa pansi chabe. Agwera pa munthu.

4. Amene ati palibe mangawa

Anthu ena aganiza kuti funsoli ndi lopepuka. Iwo ati wochita sewero ndi wantchito monga wina aliyense. Anagwira ntchito, analandira malipiro, ndipo oonerera analandira chimene analipira. Wothyola tiyi akatula dengu pa sikelo, kalaliki nalemba kulemera kwake, mlandu watha. Palibe womwa tiyi wa ku Johannesburg kapena ku London amene angamfunse ngati aikonda ntchito yake. Akhoza kudana ndi tiyi, osamumwa ndi tsiku limodzi lomwe, koma tiyiyo akoma chimodzimodzi m'kapu ya womwayo.

Mau amenewa ali ndi choonadi chake, koma fanizolo silifika kumapeto. Masamba a tiyi akachoka m'manja mwa wothyola alowa m'fakitale. Kumeneko awafotetsa, nawapera, nawasiya kuti asanduke ofiira, nawaumitsa pa moto, nawasefa, nawalonga m'matumba opita ku msika wa tiyi ku Limbe. Pofika kwa womwa, dzanja la wothyola silidziwikanso. Koma wochita sewero sagulitsa masamba. Agulitsa nkhope yake, mau ake ndi kayendedwe kake. Chimene anthu anatenga kupita nacho kwao chili ndi nkhope yake, ndipo nkhopeyo ikali kuyenda ndi kulankhula. Wothyola sangathe kuononga tiyi amene ali kale m'kapu ya munthu wina. Wochita sewero angathe kuononga chimwemwe chimene chili kale mumtima mwa munthu wina, ndi mau awiri okha. Pamene pali mphamvu yotere, paliponso mangawa.

Ndiponso malipiro a wochita sewero wotchuka sachokera kwa bwana mmodzi. Achokera kwa anthu ambirimbiri. Mai wothyola tiyi amene wapatula ndalama ya madengu angapo kuti akalowe m'holo kukaona sewero, iyeyo ndi mmodzi wa amene anamanga nyumba ya katswiriyo. Akulu anati, ukakwera pa msana pa njovu usamati pansi palibe mame.

5. Amene ati mangawa ndi onse

Anthu ena apita mbali inayo. Iwo ati, popeza anthu ndiwo anamtchukitsa, wochita sewero ndi wao. Aziseka akamuuza kuti aseke. Azibwereza mau aja oseketsa pa msika, pa maliro, ngakhale pa khomo la chipatala. Asanene konse kuti watopa.

Awanso alakwa, ndipo mtengo wa tiyi womwe uwatsutsa. Tiyi akamleka osamthenera akula nakhala mtengo wautali kuposa denga la nyumba. Koma m'munda amdula kawirikawiri kuti akhale wa msinkhu wa m'chiuno, wosalala pamwamba ngati tebulo, kuti dzanja lifike mosavuta. Kutero nkwabwino kwa mtengo wa m'munda, pakuti unabzalidwira zomwezo. Koma munthu sali chitsamba. Mnyamata amene anaseketsa anthu ali ndi zaka 25 akhoza kufika zaka 50 ali ndi nzeru zina ndi zofuna zina. Akhoza kufuna kuchita masewero olira, kapena kulalikira, kapena kulima. Kumkaniza kukula chifukwa chakuti anthu anazolowera kumthyola pa msinkhu umodzi ndi nkhanza, ngakhale nkhanzayo ichokera m'chikondi.

Komanso palibe munthu amene ali ndi mangawa a bodza. Ngati wochita sewero anena kuti alikonda gawo limene adana nalo, achititsa manyazi iye mwini, napeputsanso omvera ake, pakuti awayesa ana osakhoza kumva zoona.

6. Mwini sewero ndani?

Kuti mlandu uwu uweruzidwe bwino, pafunika kudziwa mwini wake wa sewero. Apa mwambo wa makolo uthandiza. M'midzi ya Achewa ndi Amang'anja muli gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Chilombo chichokera ku dambwe, nichivina pa bwalo, nichibwerera ku dambwe. Mwambo sulola kuti munthu aloze mnzake pa njira nati ameneyu ndiye gule uja. Palibe munthu atenga ulemu wa gule kupita nao ku nyumba kwake, ndipo palibe munthu asenza manyazi ake. Gule ndi wa mudzi.

Sewero la masiku ano linasiya nzeru imeneyi, pakuti wochita sewero avina nkhope ili pa mtunda. Koma choonadi chija sichinasinthe. Sewero silichitika ndi munthu mmodzi. Pali wolemba mau, pali anzake osewera nao, ndipo koposa onse pali oonerera. Nthabwala imene palibe waiseka si nthabwala. Banja limene linkasonkhana pa wailesi usiku, bambo atatsamira khoma, ana atakhala pa mphasa, linaikamo zake m'sewerolo. Lero bamboyo anamwalira, ndipo mwana wake akamva dzina la sewero lija akumbuka kuseka kwa atate wake. Chikumbutso chimenechi wochita sewero sanachipange yekha, kotero alibe ufulu wochiphwanya.

Apa ndi pamene pagona yankho. Ntchito ndi ya wochita sewero, ndipo akhoza kuiweruza monga afuna. Chimwemwe ndi cha oonerera, ndipo iye sayenera kuchinyoza. Kunena kuti, "Gawo lija sindinalichite bwino, ndipo linanditopetsa," ndi kulankhula za munda wake. Koma kunena kuti, "Amene alikonda ndi opusa," ndi kulowa m'munda wa eni ndi chikwanje.

7. Zifukwa zitatu

Si kudana konse kuli kofanana. Wochita sewero akhoza kudana ndi gawo lake pa zifukwa zitatu, ndipo mangawa ake asiyana monga mwa chifukwacho.

Chifukwa choyamba ndi kutopa. Munthu wamva mau amodzimodzi kwa zaka zambiri. Koma ayenera kukumbuka kuti chimene iye wachimva kambirimbiri, womlonjerayo achinena koyamba. Mwana amene wathamanga kudzampatsa moni sadziwa za ena onse amene anatsogola. Pano mangawa ndi kuleza mtima. Ngati sangathe kuima, akane mwaulemu, osalipiritsa munthu mmodzi kutopa kumene anabweretsa anthu zikwi.

Chifukwa chachiwiri ndi kuona kuti ntchitoyo inali yoperewera, kapena kuti eni kanema anamdyera masuku pamutu. Pano ali ndi ufulu wonena zoona akafunsidwa. Koma dandaulo lipite kwa eni ake a mlandu, ndiwo olemba ndi olipira, osati kwa mwana wogwira kapepala. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Guinness sanalakwe poona kuti kanema uja ndi wopepuka, ndipo kapena anafuna kumthandiza mnyamatayo kuti aonenso zinthu zina, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Koma akadakhoza kumthokoza poyamba, namuuza za masewero ena abwino, osamlanda chimene anali nacho. Woonjezera chuma cha mwana ndi mphunzitsi. Wolanda ndi wina. Ndiponso iye sanaleke kulandira phindu la kanemayo, ndipo munthu amene akali kudya za m'munda sayenera kunyoza amene aulima.

Chifukwa chachitatu ndicho cholemera koposa. Nthawi zina munthu adana ndi gawo lake chifukwa wazindikira kuti linapweteka anthu ena. Masewero ambiri aseketsa anthu mwa kutsanzira kalankhulidwe ka mtundu wina, kapena kayendedwe ka munthu wolumala, kapena umphawi wa wantchito wa m'munda. Hank Azaria wa ku America analankhula kwa zaka zambiri mau a Apu, Mmwenye wa sitolo, m'sewero la zithunzi zojambula la The Simpsons. Amwenye a kumeneko anadandaula kuti ana ao anali kunyozedwa m'masukulu ndi dzina limenelo. Mu 2020 Azaria analeka gawolo, ndipo mu 2021 anapepesa poyera. Anthu ena okonda sewerolo sanakondwe, koma iye anachita bwino. Pa mlandu wotere kukhala chete si ulemu ai. Mangawa ake aakulu ali kwa amene anasekedwa, ndipo kwa amene anaseka ali ndi mangawa a kuwauza zoona. Koma ngakhale pamenepa ayambe ndi kudzitsutsa yekha, pakuti iye ndiye anatsogolera kusekako.

8. Mangawa a oonerera

Mlandu suweruzidwa mbali imodzi. Oonerera nao ali ndi mangawa, ndipo anthu a ku Thyolo akhoza kuwamvetsa msanga. M'masiku a atsamunda Alomwe anali kutchedwa ndi dzina lachipongwe limene sanadzisankhire okha. Mu 1943 Lewis Bandawe ndi anzake anayambitsa bungwe la Alomwe, ndipo anaumiriza boma kuti lileke dzina lija nilizilemba dzina lao lenileni. Iwo anadziwa kuti munthu ali ndi ufulu wotchedwa ndi dzina limene iye alivomera.

Dzina la m'sewero silili lachipongwe, pakuti kawirikawiri liperekedwa ndi chikondi. Koma lamulo ndi lomwelo. Ngati wochita sewero apempha kuti azitchedwa dzina lake, womkonda zoona amvera. Sadzamvutitsa pa maliro kapena pa chakudya. Sadzamyesa wakuba chifukwa anachita gawo la wakuba, kapena chitsiru chifukwa anachita gawo la chitsiru. Ndipo akamva kuti katswiriyo sakonda sewero lija, asataye chimwemwe chake. Mmisiri akhoza kuona zolakwa pa mpando umene anapala, koma mpandowo ukhalabe wabwino kwa amene wakhalapo zaka zambiri.

9. Mau otsiriza

Tsono mangawa a wochita sewero si kukonda gawo lake, pakuti mtima sulamulidwa. Si kukhala m'gawolo mpaka imfa, pakuti munthu akula. Si kunama, pakuti bodza silipira ngongole. Mangawa ake ndi atatu: kunena zoona za ntchito yake, kusanyoza chimwemwe cha amene anaikonda, ndi kuthokoza manja amene anamkweza.

Nkhani imeneyi sikhudza ochita masewero okha. Mphunzitsi amene anayamba ndi kuthyola tiyi, kalaliki amene anakulira m'nyumba za antchito a pa munda, woimba amene anasiya nyimbo za ubwana wake, onsewa ali ndi gawo lakale limene ena akali kuwakumbukira nalo. Munthu akhoza kusiya gawo lotere napita patsogolo, ndipo palibe womletsa. Koma potuluka asatseke chitseko ndi mwano, pakuti m'nyumbamo mukali anthu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mafunso okambirana

1. Kodi ntchito ya wothyola tiyi isiyana bwanji ndi ntchito ya wochita sewero?
2. Kodi Alec Guinness akadamuyankha bwanji mnyamata uja popanda kunama ndiponso popanda kumliritsa?
3. Ndi nthawi iti pamene wochita sewero ayenera kutsutsa poyera gawo lake lakale?
4. Kodi munthu wotchuka akapempha kuti anthu aleke dzina lake la m'sewero, omkonda achite chiyani?